Chikombole Chimodzi, Njerwa Zambirimbiri

Ndikudziwa kuti ambiri mumathamangira tsamba la mpira ndi la nthabwala, koma lero ndipirireni pang'ono. Nkhani yanga ndi ya mapulogalamu a kompyuta. Musaseke ayi. Inenso ndine mnzanu, ndimadzuka kukadali mbuu, n'kuyenda wapansi nkhungu itakuta phiri, kufika kuno zala zitauma ndi chisanu. Kwathu kulibe magetsi, foni ya amayi timakatchajitsa ku babashopu. Komabe mu holide yapitayi ndaphunzira chinthu chimene chinathandiza pakhomo pathu, ndiye ndati ndisadye ndekha.

Mmene zinayambira

Ndinaperekeza agogo anga aakazi kuchipatala chachikulu. Buku lawo la kuchipatala linali litanyowa denga litadontha, masamba atamatana, zolemba za adokotala zitafufutika. Njira yonse agogo ankangodandaula kuti akawabweza. Koma pachikuto cha bukulo panali kapepala komata kokhala ndi timizere takuda, ngati timene timakhala pa paketi ya sopo. Akalaliki anangokaunika ndi kachipangizo, kuti tii, basi dzina la agogo, mudzi wathu ndi dzina la mfumu yathu yaikulu zonse zinatuluka pa sikirini. Sanagwire n'komwe kiyibodi, ankangodina galasilo ndi chala.

Mawa lake tikukumba mbatatesi kudimba ndinawafotokozera asuweni anga, amene akuphunzira za makompyuta ku koleji ku Blantyre. Ndinati, "Koma azungu ndi anzeru, eti asuweni?" Iwo anaseka mpaka kuika khasu pansi. Anati, "Iwe, zimene unaonazo zinayambira konkuno, ku Lilongwe." Ndinkayesa ndi zachisuweni chabe, koma anali kunena zoona.

M'chaka cha 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero timachitcha Kamuzu Central, bungwe la Baobab Health, limene anayambitsa a Gerry Douglas, linayamba kuika makompyuta odina ndi chala olembera odwala. Ankasindikiza timapepala ta timizere tija n'kumamata pa mabuku a kuchipatala. Poti magetsi kuno sachedwa kuthima, makompyutawo anawalumikiza ku mabatire. Pambuyo pake pulogalamuyo inakula, inafika ku zipatala zina, makamaka kumene anthu amalandirira ma ARV, ndipo achinyamata a ku Malawi konkuno ndi amene ankalemba mbali yaikulu ya ntchitoyo.

Ndinafunsa kuti, anthu ochepa angalembe bwanji chinthu chachikulu chonchi? Asuweni anati chinsinsi chake n'chakuti sanayambire pa dothi. Anagwiritsa ntchito zikombole zimene ena anasema kale. Masiku atatu amene tinakumba mbatatesi aja, ndiwo anali sukulu yanga.

Vuto lake linali chiyani?

Pulogalamu ndi mndandanda wa malamulo amene munthu amalembera kompyuta. Kompyuta payokha ndi mbuli, imachita zokhazo zimene yauzidwa, ndendende. Pulogalamu ikakhala yaing'ono palibe vuto. Koma ikafika mizere masauzande ambiri, yolembedwa ndi anthu osiyanasiyana, imapiringizana ngati mpanda wa nyemba zoyanga. Ukakoka pano, kukugwa uko. Ukakonza dzina la mudzi, mwadzidzidzi zaka za wodwala zasokonekera.

Vutoli linakula kwambiri moti mu 1968 akatswiri anakumana ku Garmisch, m'dziko la Germany, kukambirana chifukwa chake mapulogalamu akuluakulu ankachedwa kutha, kudya ndalama zambiri, kenaka n'kumalephera kugwira ntchito. Pamsonkhanopo a Douglas McIlroy anapereka ganizo lakuti mapulogalamu azipangidwa ndi zidutswa zopangiratu, zoti wina aliyense akhoza kutenga n'kulumikiza, monga mmene okonza njinga amagulira sipoko ndi tcheni m'malo mosula okha. Kafukufuku yense amene ndikufotokoza pano akuzungulira pa funso limodzi lomwelo: tingalembe bwanji kamodzi, n'kugwiritsa ntchito kambirimbiri?

Class si kalasi yathuyi

Mukukumbukira pamene makolo ankaumba njerwa za buloko yatsopano ija? Chikombole chinali chimodzi, koma njerwa zinadzaza bwalo lonse. Njerwa iliyonse ndi yakeyake: ina ili ndi phazi la nkhuku, ina inapsa kwambiri pa uvuni. Koma zonse zili ndi msinkhu umodzi chifukwa zinatuluka m'chikombole chimodzi.

Olemba mapulogalamu amatcha chikombole chija class, ndipo njerwa iliyonse amaitcha object. Ndiye mukamva class musaganize za Fomu 2 ayi. Kalembedwe kameneka, kogawa pulogalamu m'tizinthu todziimira patokha, ndiko amakatcha object-oriented.

Kusiyana kwake ndi njerwa n'kwakuti object siingokhala phee. Ili ndi zimene imadziwa, komanso zimene imatha kuchita. Tiyerekeze chikombole chotchedwa Wodwala. Zimene chimadziwa: dzina, nambala, mudzi, tsiku lobadwa. Zimene chimachita: kunena zaka zake, kusintha mudzi munthu akasamuka, kusindikiza kapepala ka timizere. Agogo anga ndi object imodzi yotuluka m'chikombole chimenechi. Inu mukapita kuchipatala mudzakhala object ina.

Taonani nzeru yake apa. Chikombolechi sichisunga zaka za munthu, chimasunga tsiku lobadwa. Chifukwa? Ukalemba kuti mwana ali ndi zaka 15, chaka chamawa udzakhala ukunama. Koma ukasunga tsiku lobadwa, object imawerengera yokha nthawi iliyonse ukaifunsa. Nanga agogo anga, amene amangoti anabadwa Kamuzu asanabwere mu 1958? Opanga mapulogalamu a zipatala anaganizira zimenezo: pali malo oikapo chizindikiro chakuti tsikuli ndi longoyerekeza. Wosema chikombole ayenera kudziwa dothi la kumene njerwa zikaumbidwe.

Ganizo limeneli linachokera ku Norway. A Ole-Johan Dahl ndi a Kristen Nygaard, akugwira ntchito mu mzinda wa Oslo, anapanga chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Simula, ndipo Simula ya mu 1967 ndi imene inabweretsa class. Mu 2001 awiriwa anapatsidwa mphotho ya Turing, imene ndi yaikulu kwambiri pa maphunziro a makompyuta. M'zaka za m'ma 1970 a Alan Kay ndi anzawo, ku malo ofufuzira a Xerox PARC ku California, anapanga chilankhulo china, Smalltalk. A Kay anaphunzirapo biology, ndiye ankaona ma object ngati ma cell amene tinajambula teremu yatha aja: lililonse lili ndi khungu lake, limasunga zam'kati mwake, ndipo limalankhulana ndi anzake potumizirana mauthenga. Zilankhulo zambiri za lero, monga Java, Python ndi Ruby, zinatengera nzeru imeneyi.

Mfundo zitatu zoti musaiwale

Yoyamba ndi kubisa zam'kati. Amene amayi anu ali mu banki mkhonde mukulidziwa bokosi la maloko atatu lija. Palibe amene amangopisa dzanja n'kutengamo ndalama. Ukafuna ngongole umapempha pamsonkhano, osunga makiyi atsegula, alembi alemba, aliyense akuona. Object yabwino imateronso. Mbali ina ya pulogalamu siiloledwa kulowa n'kusintha nambala ya wodwala mwachisawawa. Imayenera kupempha kudzera pa khomo limene object yaika, ndipo object ikaona kuti pempholo n'lopanda nzeru, monga tsiku lobadwa la chaka chamawa, imakana. Ubwino wake, chinthu chikalakwika umadziwa pokayang'ana.

Yachiwiri ndi kutengera. Namwino ndi munthu, wodwalanso ndi munthu. Onse ali ndi dzina, mudzi ndi tsiku lobadwa. M'malo molemba zimenezi kawiri, umasema chikombole chachikulu chotchedwa Munthu, kenaka Wodwala ndi Namwino amatengera zonse za Munthu n'kuwonjezera zawozawo. Zili ngati mwana wotengera mphuno ya kuchimuna koma mayendedwe ndi ake. Tsiku lina ukafuna kuwonjezera nambala ya foni, umaika pa Munthu pokha, onse alandira.

Yachitatu ndi lamulo limodzi, machitidwe osiyana. Abambo akati "lero tikakolole", sachita kufotokoza zambiri. Ku chimanga timadula n'kuika pa mkukwe, ku mbatatesi timakumba, ku nyemba timazula. Mawu ndi amodzi, koma mbewu iliyonse ili ndi kakololedwe kake. Mu pulogalamu, ukhoza kuuza ma object osiyanasiyana kuti "sindikiza", ndipo lililonse lisindikiza mwa njira yake: wodwala atulutsa kapepala ka pa buku, botolo la magazi litulutsa kapepala ka ku labu. Wolamulayo safunika kudziwa zonsezo. Mawa kukabwera mtundu watsopano, lamulo lija silisintha.

Mapateni

Chikombole chimodzi sichimanga nyumba. Pamafunika kudziwa kayalidwe ka njerwa. Apa ndi pamene pamabwera mapateni.

Taganizani nkhokwe. Palibe nkhokwe ziwiri zofanana ndendende m'mudzi mwathu. Ina ndi yaikulu, ina ndi yansungwi, ina yomata. Koma zonse zimakhala m'mwamba pa miyala kapena pa mafoloko, ndipo zili ndi denga lotulukira kunja. Bwanji? Chifukwa vuto ndi limodzi: chinyezi, chiswe ndi mvula. Makolo athu anayesa njira zambiri mpaka anapeza yankho logwira, ndipo aliyense amalitenga n'kulisintha molingana ndi pakhomo pake. Imeneyo ndiye pateni: vuto lobwerabwera, yankho loyesedwa kale, komanso kudziwa kuipa kwake, poti nkhokwe yam'mwamba imafuna makwerero ndipo akuba amaionera patali.

Chodabwitsa n'chakuti ganizoli linayambadi ndi womanga nyumba. A Christopher Alexander, katswiri wojambula mapulani, pamodzi ndi anzawo anatulutsa buku lotchedwa A Pattern Language mu 1977, mmene anasonkhanitsa mapateni 253 a kamangidwe ka nyumba ndi mizinda. Mu 1987 a Kent Beck ndi a Ward Cunningham anayesa nzeru yomweyo pa mapulogalamu. Kenaka mu 1994 anthu anayi, a Erich Gamma, a Richard Helm, a Ralph Johnson ndi a John Vlissides, anatulutsa buku la Design Patterns lokhala ndi mapateni 23. Anawagawa patatu: 5 okhudza kapangidwe ka ma object, 7 okhudza kalumikizidwe kake, ndi 11 okhudza mmene amagawirana ntchito. Anthuwa sanapeke mapateniwa. Anafufuza m'mapulogalamu amene ankagwira bwino kale, n'kuona zimene zinkabwerezedwa, n'kuzipatsa mayina. Dzina limathandiza. Ukauza mmisiri kuti "ndikufuna khonde", sufunika kujambula.

Nazi zitsanzo zitatu.

Adapter. Ku babashopu kumene timatchajitsa kuja, pulagi ya mano awiri siilowa pa soketi ya mabowo atatu. Sataya foni, saphwanyanso khoma. Amaika kachinthu pakati. Mu pulogalamu zimachitikanso: mbali ina imawerenga mbatatesi pa ndowa, ina pa makilogalamu. Umalemba ka object kapakati kotanthauzira, mbali zonse ziwiri n'kukhala mmene zinalili.

Observer. Feteleza wotsika mtengo akamayembekezeka, anthu akhoza kumapita ku depoti tsiku lililonse kukafunsa, n'kumabwerako chimanjamanja. Njira yabwino ndi kulembetsa dzina kwa amfumu, feteleza akafika uthenga ukupeza pakhomo. Pateni ya Observer ndi imeneyo: ofuna kudziwa amalembetsa, chinthu chikasintha onse amauzidwa nthawi imodzi.

Singleton. Pasukulu pano belu ndi imodzi. Tiyerekeze kalasi iliyonse ili ndi belu yake ndi wotchi yake, chingakhale chipwirikiti. Zinthu zina mu pulogalamu ziyenera kukhala chimodzi basi, monga chogawa manambala a odwala, kuopa kuti anthu awiri angapatsidwe nambala imodzi.

Pali pateni ina yakale kuposa buku lija, yotchedwa MVC, imene a Trygve Reenskaug a ku Norway anafotokoza mu 1979 ali ku Xerox PARC. Imati gawani ntchito patatu. Pakhale mbali yosunga zoona zake, pakhale mbali yoonetsa anthu, pakhalenso mbali yolandira zopempha. Mu banki mkhonde, kaundula wamkulu ndiye wosunga zoona, timabuku ta mamembala todindidwa masitampa ndi toonetsa, ndipo apampando ndi amene amalandira pempho n'kulilozera koyenera. Ukasintha mtundu wa timabuku, ndalama za m'kaundula sizisintha. N'chifukwa chake pulogalamu imodzi ikhoza kuoneka mwina pa foni, mwina pa sikirini yodina ndi chala, koma zam'kati zili chimodzimodzi.

Framework: nyumba yoimika kale

Tsopano tafika pachimake. Ukasonkhanitsa zikombole zambiri ndi mapateni ambiri, n'kuzilumikiza kukhala chigoba cha pulogalamu chongofuna kumalizitsa, umapeza chimene amati framework. Zili ngati wapeza nyumba yoti maziko, nsanamira ndi denga zilipo kale. Iwe ntchito yako ndi kuika zitseko, kugawa zipinda ndi kupaka laimu. A Ralph Johnson omwe aja, pamodzi ndi a Brian Foote, analemba za nkhaniyi mu 1988, pofufuza mmene class ingalembedwere kuti ena adzaigwiritsenso ntchito.

Asuweni anandifunsa funso limene linandizunguza: kodi kubwereka khasu ndi kulowa sukulu zikusiyana pati? Ndinati sizikugwirizana n'komwe. Anati tamvera. Ukabwereka khasu, mwini nthawi ndiwe. Ulima pamene wafuna, usiya pamene watopa. Koma ukalowa sukulu, umapeza ndondomeko ya maphunziro ilipo kale. Belu ndi imene imakuitana. Aphunzitsi a masamu sasankha okha nthawi, amangobweretsa phunziro lawo belu ikalira. Framework ili ngati sukulu: iyo ndi imene imaitana zimene iwe walemba, pa nthawi yake. Umataya ufulu pang'ono, koma suvutika kuganiza zonse wekha.

Anyamata ndi atsikana a ku Baobab anagwiritsa ntchito framework yotchedwa Ruby on Rails. Anaipanga a David Heinemeier Hansson a ku Denmark, n'kuipereka kwaulere mu 2004. Inalembedwa m'chilankhulo cha Ruby, chimene a Yukihiro Matsumoto a ku Japan anatulutsa mu 1995, ndipo inamangidwa pa pateni ya MVC ija. Pa kasungidwe ka mbiri ya odwala anatengera dongosolo la OpenMRS, ntchito imene inayamba mu 2004 ndi a Regenstrief Institute a ku America pamodzi ndi a Partners In Health, bungwe lomwe lija limagwiranso ntchito ku Neno. Ndipo iwonso anasema chikombole chawo: zida zosandutsa fomu wamba kukhala mafunso obwera limodzilimodzi pa sikirini, okhala ndi mabatani akuluakulu oti namwino amene sanagwirepo kompyuta akhoza kudina. Atachipanga kamodzi, anachigwiritsa ntchito polembera odwala, ku ma ARV ndi mbali zina za chipatala.

Ndiye taonani ulendo wa kapepala ka agogo anga. Ganizo la ku Norway, chilankhulo cha ku Japan, framework ya munthu wa ku Denmark, dongosolo loyambira ku America, manja a ku Lilongwe. Mutu umodzi susenza denga, akuluakulu sananame.

Si Baobab yokha. Malipoti amene zipatala zimatumiza ku Unduna wa Zaumoyo mwezi ndi mwezi amalowa mu pulogalamu yotchedwa DHIS2, imene amaiyang'anira ndi a University of Oslo. Mbiri yake inayambira ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero maiko ambiri a mu Africa ndi Asia amaigwiritsa ntchito. Dziko lililonse limaikamo maboma ake, zipatala zake ndi mafomu ake, osalembanso pulogalamu yonse. Mu 2009 a UNICEF anayesanso kuno ku Malawi framework ya RapidSMS, kuti alangizi a zaumoyo azitumiza sikelo ya ana pa meseji ya foni wamba m'malo modikira mapepala kuyenda miyezi.

Koma musatengeke

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zinthuzi zili ndi kuipa kwake.

Choyamba, chikombole chikakhala chokhota, njerwa zonse zimakhota. Cholakwika chimodzi mu framework chimafalikira ku mapulogalamu onse omangidwa pamwamba pake.

Chachiwiri, chikombole cha kwina sichidziwa kwathu. Fomu yopangidwira ku London imafunsa nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Ife tiyankha chiyani? Kwathu timati mudzi wakuti, gulupu wakuti, mfumu yaikulu yakuti, kuseri kwa tchalitchi. Popanda munthu wakuno wodziwa kusintha, framework yabwinobwino imasanduka katundu.

Chachitatu, kutengera kukachuluka kumasokoneza. Chikombole chotengera kwa china, chimenenso chinatengera kwa china, mpaka mibadwo isanu ndi iwiri, ukasintha kholo zidzukulu zonse zimadwala. N'chifukwa chake anthu anayi aja analangiza kuti nthawi zambiri ndi bwino kulumikiza zidutswa, ngati njinga imene ukhoza kuchotsa tayala osakhudza chishalo.

Chachinayi, wongophunzira kumene amafuna kuika pateni paliponse. Asuweni akuti mnzawo wina analemba pulogalamu yongowonkhetsa manambala awiri koma anaikamo mapateni anayi. Kumeneko ndi kumanga nkhokwe yosungira chitsononkho chimodzi.

Zimene ndinachita ndi makatoni a sopo

Mwina mukuti, zonsezi zitithandiza chiyani ife opanda kompyuta? Inenso ndinafunsa chomwecho. Yankho linandidabwitsa. Mu 1989 a Beck ndi a Cunningham aja anaonetsa njira yophunzitsira kaganizidwe kameneka ndi timakadi tapepala basi. Khadi lililonse ndi chikombole chimodzi. Pamwamba umalemba dzina lake, kumanzere ntchito zake, kumanja anzake amene limagwira nawo ntchito. Kenaka anthu amagawana makadiwo n'kumasewera ngati sewero, kuona ngati ntchito ikuyenda.

Nthawi imeneyo kunyumba kunali nkhani. Amayi anga ndi alembi a banki mkhonde ya m'mudzi mwathu, ndipo mayi wina ankadandaula kuti akumulipiritsa chiwongoladzanja chochuluka. Mawu anayamba kuyenda pa mjigo akuti alembi akudya ndalama. Amayi anasiya kudya bwino, usiku ankangotembenuza kaundula pa nyali osapeza polakwika. Ankafuna kutula pansi udindo, koma kutula pa nthawi ngati imeneyo kukanakhala ngati kuvomera.

Ndinadula katoni ya sopo n'kupanga makadi. Loyamba ndinalemba Membala. Lachiwiri Sheya. Lachitatu Ngongole: imadziwa ndalama zimene munthu anatenga ndi tsiku, ndipo ntchito yake ndi kuwerengera chiwongoladzanja. Ndiye ndinatenga kaundula n'kuyamba kuika mzere uliwonse pa khadi lake. Ndinafika pa K500 ina, ndinasowa poiika. Si sheya, si ngongole. Ndinafunsa amayi, anati chimenecho ndi chindapusa chobwera mochedwa kumsonkhano. Ndinadula khadi lachinayi, Chindapusa, n'kufunsa kuti, kodi chindapusa chimabereka chiwongoladzanja? Amayi anati ayi, malamulo a gulu satero.

Pomwepo tinaugwira ulusi. M'kaundula munalibe danga la chindapusa, ndiye munthu akapanda kulipira pompo, amayi ankachilemba m'danga la ngongole kuti chisaiwalike. Mayi uja anatenga K20,000, ndipo gulu lawo limalipiritsa K20 pa K100 iliyonse pamwezi, kutanthauza K4,000. Koma anachedwa kawiri, K1,000 n'kulowa m'danga lomwelo. Owerengera ndalama ankaona K21,000 n'kumamulipiritsa K4,200. Kwa miyezi itatu analipira K600 yapamwamba. Ndalamayo sinapite m'thumba la munthu, inali m'bokosi momwemo.

Pamsonkhano wotsatira amayi anayala makadi anga pamphasa n'kufotokoza. Gulu linabweza K600 ija, linapezanso anthu ena awiri amene zinawachitikira osadziwa, ndipo anajambula danga latsopano m'kaundula. Mayi uja anabwera kunyumba madzulo ndi mbale ya nandolo. Amayi akadali alembi mpaka lero.

K600 ndi yochepa, siikwana ndi sopo wabwino yemwe. Koma dzina la amayi anga linatsala pang'ono kuipa chifukwa zinthu ziwiri zosiyana zinaikidwa m'chikombole chimodzi. Asuweni atamva anati zolakwika zambiri za m'mapulogalamu akuluakulu zimayamba chonchi, ndipo zimene ndinachitazo ndiyo ntchito yeniyeni ya wokonza mapulani a pulogalamu. Kulemba pa kompyuta kumabwera pambuyo.

Pomaliza

Anzanga, sindikunena kuti ndadziwa kulemba pulogalamu. Sindinalembepo ngakhale mzere umodzi pa kompyuta yeniyeni. Koma ndaona kuti mbali yovuta kwambiri ya ntchitoyi imachitikira m'mutu: kuyang'ana chinthu chosokonekera, kuchigawa m'tizigawo, kupatsa kagawo kalikonse ntchito imodzi, ndi kufunsa ngati wina anathetsapo kale vuto lomwelo. Zimenezi tikhoza kuyamba lero, ndi katoni ndi bolopeni. Masamu ndi Chingerezi tisazithawe, poti mabuku ambiri a nkhaniyi ali m'Chingerezi, ndipo JCE ili pakhomo.

Ndapempha aphunzitsi oyang'anira laibulale kuti tiyese kukonza dongosolo lobwereketsa mabuku, poti teremu iliyonse mabuku amasowa ndipo timangolozana zala. Avomera. Ndayamba kale makadi atatu: Buku, Wophunzira ndi Kubwereka. Koma pali pamene pandikanika. Mabuku a biology a Fomu 2 alipo angapo ofanana ndendende, mutu umodzi, wolemba mmodzi. Kodi khadi la Buku liimire mutuwo, kapena liimire buku lililonse palokha, kuti tidziwe lenileni limene lasowa? Kapena pakufunika makadi awiri?

Amene muli ndi maganizo, tikumane Lachitatu tikaweruka, pansi pa mtengo wa kuseri kwa laibulale. Tisachedwe, ena kwathu n'kutali ndipo dzuwa likulowa msanga. Bwerani ndi katoni yanu ndi lumo. Atsikana anzanga musatsalire, nkhaniyi si ya anyamata okha.

Ndatha ine mnzanu wa Fomu 2.